Chipewa cha Mwana wa Akalipentala

Akalipentala anali munthu waulemu mpaka kutopetsa. Anakhala zaka makumi atatu akupala matabwa kuseri kwa msika, ndipo zipewa zawo zonse zinathera m'manja. Ankavulira wamkulu aliyense, ngakhale wongofunsa njira.

Mzime wawo anabadwa wachialubino. Atayamba sukulu, anesi anawapatsa botolo la mafuta oteteza khungu ku dzuwa, ndi chipewa chachikulu chophimba makutu ndi khosi.

"Azidzola m'mawa ndi masana," anatero anesiwo. "Chipewa asamavule panja."

"Zamveka, mayi," anayankha akalipentala, chawo chili pachifuwa.

M'mawa uliwonse ankamudzoza okha, ngati akupaka vanishi pa tebulo latsopano, osasiya mpata ndi kuseri kwa khutu komwe. Masana ankamudzoza aphunzitsi ake.

Chilimwe chinafika. Masamba anayoyoka, nyenje zinayamba kulira, ndipo pabwalo la sukulu panatsala mthunzi wa mtengo wa mbendera basi. Tsiku lina mayi ake pomusambitsa anapeza matuza m'makutu ndi pakhosi.

"Bambo ake, tabwerani muone. Paja anesi anati zilonda zotere zikakhalitsa zimasanduka khansa."

"Iwe, chipewa umachisiya kuti?" akalipentala anafunsa mwanayo.

"Ndimavala, ababa."

M'mawa mwake akalipentala anatenga hamala napita kusukulu, ati kukakonza madesiki. Anakhoma misomali iwiri, kenako anaima pawindo.

Ana anafola pabwalo. Ahedi atangotulukira, mwana uja anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa ndi manja awiri. Ahedi analankhula za ochedwa, za windo losweka, za mbuzi zolowa m'munda wa sukulu, thukuta la mwana likutsuka mafuta onse. Pa buleki anavulira aphunzitsi a masamu, anavulira alonda, anavulira mayi wosesa. Palibe anamuuza kuti atero. Ankangomuyamika: "Koma mwana uyu analeredwa!"

Akalipentala anadziwa mwini wake wa kagwiridwe kameneko. Anaika hamala pansi natuluka.

Anapeza ahedi pakati pa bwalo. Dzanja lawo linanyamuka lokha kupita kumutu. Analibweza n'kulitsekera m'thumba la misomali.

"Mwaswera bwanji, ahedi?"

Ahedi anayang'ana chipewa chili pamutu pawo. "Mutu ukupweteka, akalipentala?"

"Ayi. Ndikuphunzitsa mwana." Anakodola mzime wawo. "Waona? Ndawapatsa moni, chipewa chili pamutu, ndipo sanafe."

"Sindinafedi," anavomera ahedi.

"Uzivula ukalowa m'kalasi. Panja pano usavulire munthu, ngakhale ine."

"Nanga ulemu, ababa?"

"Uzipereka ndi pakamwa. Makutuwa ulibe ena."

Ahedi anawerama n'kuona matuzawo. Anangoti kuyambira mawa ana azifola kuseri kwa ofesi, kumene dzuwa limafika mochedwa, ndipo nkhani ya mbuzi aifupikitsa.

Potuluka, akalipentala anakumana ndi alonda pageti, nkhalamba yoposa iwo ndi zaka khumi. Anacheuka. Mwana anali chiimire, akuwayang'ana pansi pa chipewa chake. Akalipentala anadutsa osavula, manja onse ali m'thumba, thukuta lili kamukamu.

"Pepani, achimwene," anatero mokweza. "Pepani ndithu. Ndi mankhwala a mwana."