Maola Awiri Kuchokera ku Guangzhou

Ndinayambitsa ndine, sindikana. Amalume anapita ku Guangzhou kukaoda katundu, ndipo pobwerera ku Lilongwe ankadzera ku Dubai. M'mawa umene ndege yawo inkanyamuka, amayi, akuvala yunifolomu kuti azipita kuntchito kuchipatala, anandifunsa kuti ndege yokafika ku Dubai imauluka nthawi yaitali bwanji.

Ndinkadziwa kuti ndi maola ngati asanu ndi atatu. Koma ndinati, "Awiri basi, amayi. Konseko ndi ku Asia, ngati Lewisham ndi Tottenham mumzinda wathu uno." Ndinkangofuna kuona ngati angakhulupirire.

Anakhulupirira. Maola awiri atadutsa anayamba kuimba, foni ya amalume yosapezeka. Pofika masana anali atapempha kuweruka msanga, azimayi akutchalitchi atadzaza m'nyumba mwathu, akupempherera ndegeyo. Ine ndikuwapangira tiyi. Kuseka kunandithera nditaona amayi atakhala pamasitepe, nsapato zakuntchito zikadali kumapazi. Mchimwene wawo ndi mmodzi yekhayo, ndipo zimenezo sindinaziganizire.

Kenako foni inalira. "Achemwali, tatera bwino. Nanga mukuliranji?"

Amayi anangondiyang'ana, ine n'kuulula. Anandilanda foni kwa maola asanu ndi atatu, amvekere, "Nawenso ukhale wosapezeka."

Ndinachita zimene amalume anachita m'ndege muja: ndinagona.