Mphika Umodzi wa Yatta

Yatta ndi mlongo wanga wamng'ono. Anakulira m'dzenje lopondera zipatso za kanjedza kumudzi kwathu, kufupi ndi tauni ya Kenema, miyendo ili psuu ndi mafuta mpaka m'mawondo. Chigwada chake chinali chotchuka: mafuta ofiira ankachita kuyandama pamwamba.

Bambo athu anafa ziwalo mbali imodzi, ndipo ndi Yatta amene ankawatembenuza pamphasa mpaka tsiku lawo lomaliza. Choncho mwamuna wake, Lahai, atauzidwa kuchipatala kuti magazi akuthamanga, achepetse mafuta, Yatta anagwidwa ndi mantha. Sanachepetse. Anasiyiratu.

Kwathu mkazi akayamba kuphika miphika iwiri, anthu amati banja lagwedezeka. Yatta sanafune kunenedwa. Nyumba yonse inayamba kudyera mpunga chigwada cha madzi okhaokha, ndi mwana yemwe, Nyanda, wa zaka zinayi. Mtedza anauletsa, nsomba yonona nayonso.

Nditapita kukawaona nthawi ya mvula, ndinapeza Nyanda atawonda, thupi lili mbuu. Dzuwa litangolowa, kunja kukuonekabe, ndinamuitana. Anabwera akupapasa khoma, n'kugunda mtondo umene unali poyera.

"Mwanayu sakuona," ndinatero.

"Akusewera, achimwene," anatero Yatta.

"Akusewera? Tamupatsa chikho."

Yatta anatambasula dzanja. Mwana anagwira m'malere. Mlongo wanga anangoti khwithi pansi, chikho chili m'manja.

"Alamu," Lahai ananong'ona, "kodi wina watilodza?"

"Wakulodzani ndi mphikawo. Inu mimba ikadali pomwepo, mwana watha."

Ndinalankhula molimba, koma kunena zoona sindinkadziwa ngati maso akafika pamenepo amabwerera.

Kutacha tinamubereka mwanayo kupita kuchipatala. Namwino anamuyang'ana m'maso, n'kumudonthezera mankhwala m'kamwa. Anati chimene maso amafuna chili m'mafuta ofiirawo ndi m'masamba, koma masamba opanda mafuta thupi silipindula nawo kwenikweni.

"Tinati bambo achepetse," anatero. "Za mwanazi munazitenga kuti, mayi?"

"Ndikathira, bambo ake afa ngati bambo anga. Ndikapanda kuthira, mwana achita khungu. Ndisankhe ndani?"

"Musasankhe. Bambo pang'ono, mwana mokwanira."

Titafika kunyumba, Yatta anatsikira kudzenje lopondera kanjedza lija, limene linali litamera udzu, n'kuyamba kuzula.

Mphika ndi umodzi womwewo mpaka lero. Amathira timafuta pang'ono, n'kupakula za Lahai, kenako n'kuwonjezera chipande chodzaza kwa otsalawo. Palibe ananena kanthu za banja lawo. Lahai amadandaula kuti akumumana, koma ali moyo.

Maso a Nyanda anabwerera. Mantha a Yatta ndiwo sanachoke. Mtsikanayo tsopano ndi namwali, koma dzuwa likalowa mayi ake amamuimikirabe chinthu kutsogolo.

"Amayi, ndikuona."

"Tchula."

"Chipande."

Pamenepo m'pamene Yatta amatsitsa dzanja.