Sukulu imene ndinamusankhira Elube

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha kukhosi. Abusa anandimva ndikutsogolera nyimbo ku Masambanjati, nati, "Wofuula chonchi ana sangamugonere." Basi ndinakhala mphunzitsi pasukulu ya pa esiteti ya tiyi. Zida zanga zinali choko, bolodi, masileti ong'aluka ndi chidutswa cha njanji chimene tinkamenya m'malo mwa belu. Nyengo yothyola tiyi ikafika, ana ambiri ankatsata amayi awo kumunda. Elube yekha sankajomba, ndipo mutu wake unkagwira msanga moti ine ndemwe ndinkachita mantha.

Tsiku lina bambo ake, a Namakhwa oyendetsa thirakitala, anandipeza ndikupukuta bolodi. Anali atapeza ntchito ku Halale, ndipo ankasamuka ndi banja lonse.

"Aphunzitsi, kumeneko akuti kuli sukulu ziwiri. Ya pafamu amaphunzitsa m'Chinyanja chathuchi, ya mishoni ndi Chishona ndi Chizungu. Mwanayu ndikamuike kuti?"

Ndinadzimva kuti ndine munthu. Ndinafunsafunsa kwa amene anakhalako, ndipo anandiuza kuti ya pafamu imathera m'makalasi oyamba. Ndinasankha ya mishoni. Anzake akaweruka, Elube ankatsala kuphunzira Chizungu. Mawu a Chishona ndinkakawapempha kwa mlonda wa kufakitale amene anakhalitsa ku Halale, n'kumabweretsera mwanayo pang'onopang'ono.

Ulendo utayandikira, kunabwera amalume ake a Elube ochokera ku Chimaliro. Anakhala pabenchi la ana, chipewa pabondo.

"Ndamva mukukonzera mwana wanga ulendo. Munafunsa yani?"

Ndinati bambo ake.

"Akamwini? Iwo apite ndi mlongo wangayo, sindikuletsa. Koma mbumba ndi yanga. Elube atsala, agogo ake alibe wowatungira madzi."

Ndinayang'ana a Namakhwa amene anaima pakhomo, kuti mwina anenapo kanthu. Bambo wamkulu uja anangowerama. Mwambowo ndinabadwira momwemo, koma sindinaganizepo kuti ungalowe m'kalasi mwanga n'kukhala pabenchi. Kumudzi kwa amalumewo sukulu inali kutali, ndipo tonse tinkadziwa kuti maphunziro a Elube athera pomwepo.

Elube anapukuta sileti yake bwinobwino n'kundipatsa ndi manja awiri. Anandithokoza m'Chishona chija ndinamuphunzitsa, chimene sanakachilankhule ndi munthu wina aliyense.

Ndaphunzitsa mpaka imvi. Kholo likandifunsa za sukulu ya mwana, sindiyamba ndi mabuku. Ndimayamba ndafunsa kumene amalume ake amakhala, kenako ndimapitako ndekha, nthawi isanathe.