Phula la Anti Meena

Tsiku limene bambo a Chisomo analandira uthenga woti apeza ntchito ya zamagetsi ku migodi ya ku Australia, ine ndinali pa makina anga osokera pakhonde la sitolo ku Mponela. Sindinazengereze. Ndinati, "Mukapita nokha mudzandipeza nditauma ndi maganizo. Tipite tonse." Tinanyamuka atatu, ndi Chisomo wathu wa zaka zinayi.

Ku Perth tinakhala ku Girrawheen. Nyumba yabwino, koma zii ngati kumanda. Amuna anga ankakwera ndege kupita ku mgodi, milungu iwiri komweko, umodzi pakhomo. Chisomo atayamba sukulu, ndikamulankhula Chichewa ankayankha Chingerezi chotulukira m'mphuno. Ndalama zinalipo ndithu, mpaka amayi ku Ntchisi tinawafolerera nyumba ndi malata. Koma manja anga analibe chogwira. Pa foni ndinkangoti, "Tili bwino amayi," ndikadula n'kuyamba kulira.

Tsiku lina m'mawa ndinaona utsi ukutuluka m'galaja ya nyumba yoyandikana nafe. Ndinathamanga ndi ndowa ya madzi. Ndinapeza mayi wachikulire wachimwenye atakhala phee pambali pa poto, nsalu yoyera atayala patebulo. Ataona ndowayo anaseka mpaka misozi.

"Si moto mwanawe, ndi phula! Khala apa, uone."

Amenewo anali Anti Meena, ochokera ku Gujarat. Anandionetsa ntchito ya makolo awo yotchedwa batiki. Umaviika chidindo chamtengo m'phula lotentha n'kudinda pansalu, kapena kujambula ndi burashi. Kenako nsaluyo umainyika mu utoto. Pamene pali phula utoto sulowa. Ukaiwiritsa, phula limachoka, chithunzi n'kuonekera.

Nsalu yanga yoyamba ndinajambula nkhanga. Poinyika ndinaifinya kwambiri, phula n'kusweka, utoto n'kulowa m'ming'alu monse. Ndinafuna kuitaya. Anti anandilanda.

"Timizere timeneti ndi tomwe anthu amafuna. Makina sangatipange."

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ndinali m'galajamo. Iwo ankadinda maluwa akwawo, ine ndinkajambula nkhanga, chimanga ndi njinga za kabaza. Loweruka tinkakagulitsa kumsika wa ku Mirrabooka. Mayi wina wa ku Chipata anagwira nsalu yanga n'kufuula, "Imwe, iyi nkhanga ni ya kwathu iyi!" Anaivala pomwepo pamwamba pa jinzi, tonse n'kumaseka.

Patatha zaka zisanu mng'ono wanga Esnati anaimba kuti akuchita chinkhoswe. Ndinalonjeza kuti nsalu za amayi onse akuchikazi ndipanga ndekha, khumi ndi ziwiri. Nditadula foni ndinachita mantha. Bwanji akakaziseka, poti anazolowera zitenje zowala za m'sitolo? Anti anangoti, "Yatsa poto." Tinagwira miyezi iwiri. Phula ku Perth ndi lodula, moti tikawiritsa nsalu tinkalitola kadontho kalikonse n'kulisungunulanso.

Nditafika ku Ntchisi amayi anatambasula nsalu yawo n'kuiyang'ana. Kenako anaimanga m'chiuno n'kuimba nthungululu. Pa chinkhoswe amayi khumi ndi awiri analowa m'bwalo akuvina, nkhanga zanga zikugwedezeka. Akuchimuna ankafunsana kuti nsalu zimenezi zagulidwa kuti.

M'mawa mwake ndinapita kukalonjera malume anga a Banda, amene amaweta njuchi m'mbali mwa phiri. Kuseri kwa nyumba ndinaona mulu wa zisa zofinyidwa, nkhuku zikupalasa pamenepo.

"Malume, izi mumataya?"

"Nanga n'zachiyani, Tiyamike? Uchi tinafinya kale."

Ndinakhala pansi n'kuyamba kuseka. Ndinakulira pakhomo pamenepa, mulu ngati umenewu ndinkaulumpha tsiku lililonse. Azakhali, amene amaluka mikeka, anabwera kudzaona chimene chikundiseketsa. Nditawafotokozera za phula ndi utoto anati, "Milaza yanga ndimaifiiritsa ndi makungwa. Nsalu ingakane?"

Sinakane. Tinasungunula zisazo m'chitini, kusefa ndi kansalu, phula n'kutuluka lachikasu, lonunkhira. Ndinaimbira Anti Meena pa vidiyo n'kuwaonetsa. Anagwira kumutu.

"Lonselo? Nkhuku zikupondaponda? Bwera nalo!"

Koma zinthu za njuchi salola kulowa nazo ku Perth chisawawa. Choncho ndinawonjezera mwezi wina kumudzi, kuphunzitsa Esnati ndi azakhali pansi pa mtengo wa mango. Azakhali anandiposa sabata yachiwiri. Iwo sajambula nkhanga, amajambula mizere ya mkeka imene ili m'mutu mwawo chiyambire utsikana, yokongola kuposa zanga zonse.

Tsiku lonyamuka ndinapita kukatsanzika. Ndinapeza malume atagwada pa mulu paja, akutola zisa kuika m'thumba, uku akuingitsa nkhuku ndi chipewa.

"Chokani inu! Izi zili ndi eni ake tsopano."