Ndinkadziwa za Manambala a pa Esiteti, Koma Ndinakhala Chete

Inu owerenga, ine ndinatsala pang'ono kuphetsa munthu chifukwa chofuna kusangalatsa abwana. Palibe amene anandiopseza kapena kunditseka pakamwa. Mpaka lero ndimadzifunsa kuti mantha amenewo ankachokera kuti.

Ndinakulira ku Khwethemule, m'boma la Thyolo. Amayi anga ankathyola tiyi pa esiteti ina, koma m'nyengo ya mvula yokha, masamba akachuluka. Sukulu ndinaphunzira ya kumudzi, ndipo kompyuta ndinaigwira koyamba nditamaliza Folomu 4. Inandidabwitsa kwambiri. Ndinkafuna kudziwa kuti dzina ukalilemba mmenemo limakakhala pati, nanga ukaizimitsa limabwerera bwanji. Chidwi chimenecho ndicho chinandipititsa ku kosi ya makompyuta ku Limbe, kenako n'kundipezetsa ntchito ku kampani ina ya ku Blantyre, yolangiza zipatala mmene zingasungire mbiri ya odwala m'makompyuta.

Kuntchitoko ndinali munthu wa "inde bwana". Ndinkafika woyamba, kuchoka womaliza. Chizungu changa ndinkachita nacho manyazi, choncho pamisonkhano ndinkangoweramira pa kope n'kumalemba zonena anzanga. Patapita zaka ziwiri, abwana anga, a Gondwe, anandiitana. Anati kampani yapeza ntchito pa kachipatala ka esiteti ina ku Thyolo, ndipo ine nditsogolere gulu la anthu atatu popeza ndine wa komweko. Anawonjezera kuti ndikayendetsa bwino kwa chaka chimodzi, andipatsa kalata yonditsimikiza pa udindowo. Tsiku limenelo ndinayenda ngati mapazi sakugunda pansi.

Tisanapite ku Thyolo tinachita msonkhano. A Gondwe anajambula pa bolodi mmene pulogalamu yathu izigwirira ntchito. Anati wantchito aliyense pa esiteti ali kale ndi nambala yake, ndiye palibe chifukwa chopangira ina. Kompyuta izimudziwa wodwala ndi nambala yomweyo, ndipo mndandanda wa manambala ndi mayina uzichokera ku ofesi ya esiteti. Onse anagwedeza mitu kuvomereza.

Ndinkadziwa kanthu kamene iwo sankadziwa. M'maesiteti a kwathu nambala ya munthu wa ganyu ya nyengo ya mvula si yake. Mvula ikatha amamuimitsa, ndipo chaka chotsatira nambalayo imapita kwa aliyense amene wafika msanga pamzere wolembetsa. Amayi anga ankabwera ndi nambala yatsopano chaka chilichonse, ndipo ndine ndinkawalembera ndi khala kuseri kwa chitseko kuti asaiwale.

A Gondwe anatembenukira kwa ine. "Achemwali a ku Thyolo, pali chimene tasiya?"

"Ayi bwana, zili bwino."

N'chifukwa chiyani ndinayankha choncho? Ndakhala ndikulisanthula funsoli. Mwina ndinaganiza kuti munthu wophunzira ngati iwowo sangaphonye kanthu kakang'ono chotere, kuti pali njira ina imene aikonza kale ine osaimvetsa. Koma china n'chakuti, kuti ndifotokoze, ndinayenera kuyamba ndi mawu akuti amayi anga ankathyola tiyi, ndipo m'chipindamo aliyense makolo ake anali a muofesi.

Tinayamba ntchito mvula ili mkati. Tinakopera mbiri ya odwala kuchokera m'makaundula, tinaphunzitsa anamwino, zonse zinayenda. Chilimwe chinadutsa popanda vuto, moti ndinayamba kukhulupirira kuti ndinkangodera nkhawa pachabe. Kenako mvula inagwanso. Ofesi ya esiteti inatumiza mndandanda wa antchito atsopano, ife n'kuulowetsa.

Patangopita masiku ochepa, namwino wamkulu, amene tonse tinkangowatchula kuti asisita, anandikodola ndikudutsa pakhonde.

"Achemwali, tabwerani muone zodabwitsa. Makina anuwa akuti abambo awa anabereka mapasa mu Epulo."

Pabenchi panali bambo wina wa ndevu, wabwera ndi chifuwa. Sanachedwe kuyankha. "Ali kuti mapasawo, asisita? Ndipatseni, akandithandize kudzaza dengu."

Mzere wonse unafa ndi kuseka. Nanenso ndinaseka. Ndinakhala pansi n'kutsegula pulogalamu kuti ndione chachitika n'chiyani, ndipo ndivomere kuti kufufuzako kunandikoma. Ndinapeza kuti mndandanda watsopano unasintha dzina ndi zaka pa nambala iliyonse, koma mbiri ya matenda inatsala ya mwini wakale. Munthu watsopano ankalowa m'nambala ngati mmene amalowera m'nyumba ya esiteti, n'kupeza katundu wa amene anachoka ali momwemo.

Apa ndipo ndinalakwa kachiwiri. Kalata yanga inali itatsala milungu itatu. Ndinadziuza kuti ndikonza ndekha mwakachetechete, nambala imodzi imodzi, pa nthawi ya chakudya chamasana. Asisita ndinangowauza kuti n'kavuto kakang'ono. A Gondwe sindinawaimbire. Koma anthu atsopano ankalembedwa tsiku lililonse, ndipo ine ndinali ndi manja awiri okha.

Mwa anthu amene sindinawafikire munali mayi wina wa ku Chimaliro, dzina lake Esinati, amene kanali koyamba kugwira ntchito pa esiteti. Anabwera kuchipatala mutu ukumupweteka, thupi likutentha, kabuku ka kuchipatala atakaiwala kumudzi. Nambala yake chaka chapitacho inali ya mkulu wina wodwala shuga. A dokotala, mzere utafika mpaka pamsewu, anayang'ana pa kompyuta n'kuona kuti wodwalayu mankhwala ake a shuga anatha kalekale. Anamufunsa ngati atheradi, iye n'kuvomera. Anamupatsa a malungo pamodzi ndi a shuga.

Mawa lake chakumasana Esinati anagwa pakati pa mizere ya tiyi, dengu lili kumsana. A kapitawo anamukweza pa thalakitala n'kuthamangira naye kuchipatala. Ndinalipo akumutsitsa, thukuta lili thupi lonse, maso atatembenuzika. Asisita anamuyeza magazi n'kupeza kuti shuga watsika kwambiri. Anamuika diripu, ndipo patapita kanthawi anatsegula maso. Kenako anamutumiza ku chipatala cha boma. Asisita anatsegula kathumba ka Esinati n'kupeza mankhwala aja. Anangondiyang'ana.

Ndinatuluka panja n'kuimbira a Gondwe. Ndinafotokoza zonse, kuyambira za amayi anga. Nditamaliza anandifunsa:

"Munadziwa liti zimenezi?"

"Tsiku la pa bolodi lija, bwana."

"Achemwali, ine ndinakusankhani chifukwa mumadziwa za kumeneko zimene ine sindidziwa. Ndiye mwandibisira chinthu chokhacho chimene ndinakutumirani?"

Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Tsiku lomwelo makompyuta anazimitsidwa, chipatala n'kubwerera ku makaundula mpaka wodwala aliyense atapatsidwa nambala yakeyake ya kuchipatala, yosasintha. Utsogoleri anaupereka kwa mnzanga wina. Ine sanandichotse ntchito, koma kalata ija sinabwere, ndipo lero ndili pansi pa munthu amene ndinamuphunzitsa ndekha.

Esinati atatuluka m'chipatala ndinapita kwawo kukapepesa. Ndinamupeza atakhala pamphasa, akadali wofooka, masiku abwino a masamba akumudutsa. Panali funso limene linkandivutitsa, ndipo ndinalimba mtima n'kulifunsa: bwanji anavomera kuti amadwala shuga pamene sadwala?

"Aa, achemwali," anatero akuseka pang'ono, "a dokotala ndi ophunzira, makinawo ndi achizungu. Ine wa ganyu ndikanatsutsa chiyani? Ndinangoti mwina aona zimene ine sindikuziona."

Maganizo ake anali anga enieni. Kusiyana kwake n'kwakuti iye kuvomera kwakeko kukanapha iye mwini, pamene kwanga kukanapha munthu wina.

Inu owerenga, makamaka anzanga amene mwachokera kumudzi n'kulowa m'maofesi awa, musaone ngati zimene munaziona kwanu n'zochititsa manyazi. Nthawi zambiri n'zimene akulu aja akuzisowa, ndipo sangakufunseni kawiri chifukwa sadziwa kuti zilipo. Ngati mukufuna kutsogolera anzanu pa ntchito yokhudza odwala, phunzirani kunena kuti "pepani bwana, pamenepo sizili choncho", ngakhale mawu azinjenjemera, ngakhale Chizungu chithyoke. Ndipo mukapeza cholakwika, nenani tsiku lomwelo, musadikire kuti muyambe mwachikonza nokha. Kumapeto kwa mzere kuli munthu wonga Esinati, amene adzameza chilichonse chimene mwamupatsa chifukwa akukhulupirira kuti inu munafunsa kale mafunso onse.