Tsiku limene Tadala anadzichepetsa pamaso pa Majeremani

Lachiwiri sindinapite kuntchito ku Jebel Ali, kuno ku Dubai. Tadala, mwana wa mlongo wanga, anabwereka chipinda changa ku Al Muraqqabat, poti kumene amagonako phokoso silitha, ndipo anali ndi intavyu pa kompyuta ndi mapulofesa a yunivesite ina ya ku Jeremani.

Kwa amene simukumudziwa, Tadala ndi dokotala, koma osati wa jakisoni. Anaphunzira ku Tchaina, n'kukamaliza ku Jeremani. Kafukufuku wake ndi wa momwe Matchaina ndi Majeremani amachitira malonda limodzi: amasemphana pati, n'chifukwa chiyani wina amafuna yankho lero pomwe mnzakeyo akufuna adyere naye limodzi kaye. Pano amaphunzitsa pa koleji ina kuno ku Dubai, pa kontrakiti ya chaka chimodzi. Ikutha mwezi wamawa, ndipo ikatha viza nayo yatha. Kuno mukudziwa nonse, palibe zoti "ndikhalako kaye kwa amalume".

Ine ndinakhala kukhitchini, khutu lili kuchitseko. Mafunso onse ankawayankha bwinobwino, mpaka mayi wina mwa mapulofesawo anamufunsa kuti, "Tiuzeni, n'chifukwa chiyani titenge inuyo, osati enawo?"

Tadala anaseka pang'ono, n'kuyankha m'Chingerezi chake chosalalacho kuti iye sangadziyerekeze ndi ena, alipo ambiri odziwa kuposa iye, iye amangoyesa chabe, ndipo pamene wafikapa ndi chifukwa cha aphunzitsi ake.

Mtima wanga unasefukira. Ndinati eya, mlongo wanga analera.

Madzulo ndinafotokozera a Zulu, mnzanga wa ku Chipata amene amayendetsa basi ya kampani yathu. Anandiyang'ana ngati ndawauza za maliro. "Khalas, zatha basi, mwana wadzipha yekha," anatero. "Mjeremani ukamuuza kuti alipo okuposa, amakukhulupirira, n'kupita kukawafuna."

Lachisanu yankho linabwera. Athokoza kwambiri, koma atenga wina.

Kuyambira tsiku limenelo ndikulephera kukhazikika. M'basi ndikungotembenuka pampando, kuntchito ndikuwerenga katoni imodzi kawiri. Sindikunena kuti yankho limene lija ndilo lamugwetsa, sindinali m'mitu ya mapulofesawo. Chikundisowetsa mtendere n'chakuti Tadala ankadziwa. Munthuyu analemba buku lonse la momwe Majeremani amamvera mawu. Amawaphunzitsa ophunzira ake kuti pamaso pa anthu amenewa unene zimene wachita, mosazungulira. Ndinamufunsa kuti nanga iwe bwanji?

"Amalume, ndinaziona zikutuluka pakamwa, koma sindinathe kuzibweza. Mayi aja ndi a msinkhu wa amayi anga. Ndikanayamba bwanji kudzitama pamaso pawo?"

Ndi mmene tilili Amalawi. Munthu wamanga nyumba ya zipinda zisanu, umuyamikire, akuti "ndi kachisakasa chabe". Mwana wakhala nambala wani m'kalasi, akafika pakhomo akudumphadumpha, timamuuza kuti usadzimve, wangochita mwayi. Munthu akanena poyera kuti ntchito iyi ndimaidziwa, timakodolana kuti ameneyu ndi wamatama. Kwathu zimayenda, chifukwa womverayo amadziwa kuti "ndimangoyesa" ndi mawu a katswiri, ndipo amawonjezera yekha zimene wasiya. Nanga kunja kuno akuwonjezerere ndani?

Ntchito ya ku yunivesite nayo, ine ndinkaiona ngati mpando wokhazikika. Si mmene zilili. Tadala wakhala akusamuka ngati wa geni: chaka kuno, miyezi ingapo uko, sutikesi osaimasula yonse. Mpando umodzi amaulimbirana anthu ochokera kumayiko onse, aliyense atanyamula mapepala ake, aliyense wokonzeka kudzigulitsa. Wathuyu akulowa mumpikisano womwewo atawerama mutu.

Ndipo chimandipweteka china. Mabuku adzaza mashelefu ofotokoza kuti Mtchaina akakhala chete akutanthauza chiyani, Mjeremani akakana akutanthauza chiyani. Mwana wathu wathera unyamata wake kuwaphunzira anthu amenewa kuti amvane. Koma pa mapulofesa aja panalibe amene anawerengapo kuti Mmalawi akadzichepetsa akutanthauza chiyani. Ife timaphunzira aliyense. Ife amatiphunzira ndani?

Musandimve molakwa, sindikufuna ana amwano. Ndawaona kuno ena odzitama opanda kanthu m'mutu, amanyansa. Koma kunena zoona za ntchito yako ndi matama kodi?

Dzulo ndinamukhazika pampando. Ndinati tiyeseze, ine ndine pulofesa, undiuze kuti ndiwe katswiri. Anayamba bwino: "Pa nkhani imeneyi, ine ndi..." Anaima, n'kuyang'ana pansi, n'kumaliza kuti, "mwa chisomo cha Mulungu, ndikudziwako pang'ono." Tinaseka mpaka misozi, koma yake sinali ya kuseka kokha.

Lachinayi likudzali ali ndi intavyu ina, yomaliza viza isanathe. Ulendo uno ndi sukulu ya zamalonda imene Matchaina ndi Majeremani amayendetsera limodzi, ndipo ofunsa adzakhala a mbali zonse ziwiri. Titamaliza kuyeseza kuja, potuluka pakhomo anatembenuka n'kundifunsa, "Amalume, akadzafunsanso funso lija, ndidzayankhe ngati ndani?"

Ndinamuuza kuti ayankhe ngati munthu amene analemba bukulo. Anavomera ndi mutu, n'kunena kuti zikomo, atapinda maondo pang'ono ngati kwathu.

Inu amene muli ndi ana, mawa wina akabwera akuthamanga n'kukuuzani kuti "ndakhoza kuposa onse", mumuyankha kuti chiyani?