Waya wochokera m'chigafa

Amuna anga anabwera chikamwini kwathu ku Santhe atanyamula thabwa m'malo mwa khasu. Pathabwapo anali atakhomerapo tizitsulo ta m'magalimoto akufa, timene iwo ankatitcha marileyi. Ntchito yake inali kulumikiza ndi kudula moto wa batire. Ukadina batani, kamodzi kankalira kuti tha! moto n'kupita ku wailesi imene akuiyesa. Ukadina lina, tha! moto wasamukira ku ina. Mawailesi akufa a anthu ankachiradi m'manja mwa amuna angawo, koma mizere yawo ya fodya, mayo ine, inkakhota ngati njira ya woledzera.

Amayi anga sanabise mawu. Anandiuza kuti fodya akangochoka m'chigafa, mkamwini ameneyu abwerere kwawo. Ndinalira, chifukwa munthuyo ndinkamukonda ndi mizere yake yokhotayo.

Ndiye wailesi ya amayi inafa nthawi ya makuponi, pamene aliyense ankatchera khutu kuti amve ngati feteleza wotsika mtengo wafika. Amuna anga anaikonza. Koma amayi sankakhulupirira chinthu chimene sanachiyese ndi manja awo, ndipo kwathu mkamwini sayandikana ndi apongozi ake aakazi. Akakumana panjira, wina amapatukira kutchire.

Mukudziwa chimene anachita bambo ameneyu? Anakoka waya kuchokera m'chigafa, momwe munali thabwa ndi batire, mpaka pakhonde pa amayi. Kumapeto kwake anaikako kachitini ka polishi kokhala ndi batani limodzi. Ine anandituma ndi wailesi kuti ndikailumikize ku wayayo, iwo n'kukabisala kuseri kwa fodya.

"Amayi, akuti mudine apa."

"Akufuna andiphe ndi magetsi?"

Anadinabe, ndi nsonga ya chala, nkhope atayang'ana kumbali. Tha! kuchigafa. Wailesi inayankhula. Anadinanso, inakhala chete. Abale inu, mayi wamkulu uja anaswera pabatanipo ngati mwana, mpaka nkhani ya fetelezayo tinakaimva kwa anansi!

Madzulo ake anandiitana. "Uwauze akamwiniwo kuti wayayu asamuchotse. Ndani angamasamale zimenezi iwo atapita?"

Nkhani yobwerera kwawo inathera pomwepo. Mizere sinawongoke ayi, tisanamizane. Koma kuyambira pamenepo, amayi akasunga kandiwo kabwino ankangodina batani. Amuna anga akamva tha! m'chigafa ankasiya zonse, n'kundituma kuti ndikatenge mbale. Zaka zonsezo anthu awiriwa sanakhalepo pamphasa imodzi.

Amayi atamwalira, tinasesa ndi kugawa zovala zawo. Achemwali anga anayamba kukulunga waya uja kuti achoke pakhonde. Amuna anga, amene sanakwezepo mawu pamudzi pathu, anatuluka m'chigafa akuthamanga.

"Alamu, chonde, musiyeni. Apongozi anati ndisamuchotse."